Nkhwazi, kadzidzi kapena tambala: tiike mbalame iti pa baji ya sukulu yathu?

Funso lafika kuchokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Nkhotakota: "Komiti yathu yagwirizana kuti tikhale ndi baji yathuyathu, yoti isokedwe pa yunifolomu, ijambulidwe pachipata, ikhalenso pa chidindo. Tonse tikufuna mbalame koma tagawikana. Makolo ambiri akufuna nkhwazi poti tili m'mbali mwa nyanja, koma wina watiopseza kuti nkhwazi ndi ya boma, tikhoza kumangidwa nayo. Aphunzitsi achinyamata akufuna kadzidzi, akuti ndi chizindikiro cha nzeru. Amfumu anatchula tambala chifukwa amadzutsa anthu. Kodi mbalame za pa zizindikirozi zili ndi matanthauzo okhazikika? Nanga pali malamulo a kajambulidwe kake?"

Zikomo aphunzitsi, ndipo mtima ukhale m'malo. Palibe amene angakumangeni chifukwa chojambula nkhwazi. Mbalameyo njachilengedwe, imauluka pa nyanja ya aliyense. Chimene lamulo limateteza ndi chizindikiro cha dziko mmene chinasanjidwira, ndipo ndifikako posachedwa. Mkangano wa m'komiti mwanuwo ngwabwino, chifukwa baji yosankhidwa ndi munthu mmodzi mu ofesi kawirikawiri imafa iye akasamutsidwa.

Tiyambe ndi kumene mwambowu unachokera, chifukwa malamulo ake onse amamveka mukadziwa chimene chinawabala. Cha m'ma 1100 ku Ulaya, asilikali apakavalo ankavala zisoti zachitsulo zobisa nkhope. Kuti adziwike pa nkhondo ndi pa mipikisano, ankajambula chinthu chimodzi choonekera patali pa chishango chawo, ndipo chomwecho ankachizokota pa chidindo chotsimikizira makalata. Mwana ankalowa chizindikiro cha bambo ake. Kenako mizinda, mabishopu, masukulu ndi mayiko anatengera. Ntchito ya chithunzicho inali imodzi: munthu achione ali patali, adziwe mwini wake. Tanthauzo lozama linkabwera pambuyo, nthawi zina osabwera n'komwe. Choncho mabuku ndi masamba a pa intaneti amene amandandalika kuti mbalame yakuti imatanthauza chakuti muziwawerenga mosamala. Akatswiri a zishango sakhala ndi mndandanda wotero woti aliyense awutsate.

Mbalame zinalowa pa zishango kudzera m'makomo osiyana. Khomo lalikulu ndi la ulamuliro, ndipo lili m'manja mwa chiwombankhanga. Magulu a nkhondo a Aroma ankanyamula chiwombankhanga pa ndodo, ndiye mafumu a ku Ulaya amene ankadzitcha olowa m'malo mwa Roma anachitenga. N'chifukwa chake Germany ili ndi chakuda pa chishango chagolide, Poland choyera pa chofiira, Russia ndi Albania za mitu iwiri. Chimene ndimakonda anthu aone pa ziwombankhanga zimenezi n'chakuti kachinthu kakang'ono kamanyamula mbiri yonse. Cha ku Poland chinavulidwa chisoti chaufumu m'nthawi ya ulamuliro wa Chikomyunizimu, n'kuvekedwanso mu 1990. Cha ku Austria chinawonjezedwa unyolo woduka ku miyendo mu 1945, posonyeza kumasuka ku ulamuliro wa chipani cha Nazi. Cha ku America, chimene chinavomerezedwa mu 1782, chagwira mivi 13 kuphazi limodzi ndi nthambi ya azitona kuphazi lina.

Khomo lachiwiri ndi la dzina chabe. Banja la Corbet ku England linaika khwangwala chifukwa dzinalo limachokera ku liwu la Chifalansa chakale lotchulira mbalameyo. A ku Arundel anaika anamzeze chifukwa namzeze m'Chifalansa ndi hirondelle, liwu lomveka ngati dzina lawo. Palibe amene ankanena kuti a Corbet ndi akuba ngati khwangwala. Kwathu kuno njira imeneyi ingagwire bwino kwambiri, poti tili ndi mabanja a kwa Nkhwazi ndi a kwa Nyoni, ndiponso midzi ndi mitsinje yambiri yotchedwa mayina a mbalame. Ngati dzina la sukulu yanu, la mudzi kapena la dambo lapafupi lili ndi mbalame m'kati, funso lanu layankhidwa kale, ndipo palibe sukulu ina ingakutsutseni.

Khomo lachitatu ndi la nthano ndi chikhulupiriro. Vuwo, mbalame ya thumba kukhosi ija imene timaiona ku Chilwa ndi kumunsi kwa Shire, amajambulidwa ali pachisa, akudzijompha pachifuwa kuti magazi adyetse ana ake. Mbalame yeniyeniyo sichita zimenezo, koma Akhristu akale anaona m'nthanoyo chithunzi cha Khristu, ndipo makoleji otchedwa Corpus Christi a ku Oxford ndi ku Cambridge onse ali ndi vuwo pa zishango zawo. Nthiwatiwa imajambulidwa italuma chitsulo cha kuphazi la kavalo chifukwa ankakhulupirira kuti imagaya chitsulo. Palinso kambalame kopanda mapazi kotchedwa martlet, konga namzeze, kamene ku England kamaikidwa pa chishango cha mwana wamwamuna wachinayi pomusiyanitsa ndi abale ake. Mwa mbalame zonse, zimenezi ndiye zili ndi matanthauzo amene anthu ambiri anagwirizana, koma ndi zochepa.

Khomo lomaliza ndi lathu, la mayiko amene analandira ufulu n'kusankha mbalame ya m'dziko mwawo. Uganda inaika mbalame yamiyendo yaitali ya chisoti cha nthenga zagolide kumutu, yoima mbali imodzi ya chishango. South Africa pa 27 April 2000 inasankha mbalame yopha njoka ndi mapazi, yotchedwa secretary bird. Zimbabwe inatenga mbalame yosemedwa pa mwala imene inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Mauritius inafika poika dodo, mbalame imene inatha kalekale pa chilumbacho. Nkhwazi yokha ili pa zizindikiro za Malawi, Zambia, Namibia ndi South Sudan.

Tsopano tengani ndalama kapena pasipoti muyang'ane chizindikiro cha Malawi, chimene chinaperekedwa pa 30 June 1964, kutatsala masiku ochepa kuti tilandire ufulu. Chishango chagawidwa patatu. Pamwamba pali mizere yokhotakhota yabuluu ndi yoyera, ndiyo nyanja. Pakati pali mkango wagolide pa chofiira. Pansi pali dzuwa lotuluka pa chakuda, lochokera ku chizindikiro cha Nyasaland cha 1914. Mkango ndi kambuku agwira chishangocho ataima pa phiri la Mulanje, ndipo kunsi kwalembedwa Unity and Freedom. Nanga nkhwazi ili pati? Siili pa chishango. Ili pamwamba pa chisoti chachitsulo, yatukula mapiko ngati ikunyamuka pa madzi, kumbuyo kwake dzuwa likutuluka. Kachigawo kokhala pamwamba pa chisotiko ndi kamene Angerezi amati crest. Anthu ambiri amatchula chizindikiro chonse ndi liwu limeneli, koma n'kulakwitsa, ndipo mukamayankhula ndi wojambula ndi bwino kusiyanitsa.

Nkhwazi ya ku Zambia ili ndi mbiri yophunzitsa. Pa chishango cha Northern Rhodesia inali itagwira nsomba m'zikhadabo, ndipo inakwera choncho pamwamba pa chizindikiro cha Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Pa 24 October 1964 Zambia inasunga nkhwazi koma nsombayo inachotsedwa, ndipo mbalameyo inaikidwa pamwamba pa khasu ndi piki zopingasa. Mbalame ndi yomweyo, koma chimene yagwira ndi pamene yaima zinasintha uthenga.

Pa nkhani ya lamulo, Malawi ili ndi Protected Flag, Emblems and Names Act, lamulo loteteza mbendera, chizindikiro cha dziko, chidindo cha boma ndi mayina ena. Limaletsa kunyoza zinthu zimenezi ndiponso kuzigwiritsa ntchito pa malonda popanda chilolezo cha boma. Ngozi yanu ili pa kusanja baji yofanana ndi ya dziko moti munthu n'kuganiza kuti kalata yanu yachokera ku Capital Hill. Nkhwazi yotukula mapiko, pa mizere ya madzi, kumbuyo kuli dzuwa lotuluka: zitatuzi pamodzi zipeweni, chifukwa ndiko kusanja kwenikweni kwa pamwamba pa chizindikiro cha dziko. Ndikudziwa kuti ku Nkhotakota dzuwa limatulukiradi pa nyanja ndipo wojambula aliyense dzanja lake limathamangira komweko, koma m'letseni. Musaikenso mkango ndi kambuku m'mbali. Ndipotu nyama zogwira chishango musaike n'komwe. Mwa mwambo wa ku Britain zimaperekedwa kwa mayiko, mizinda ikuluikulu, mabungwe ena akuluakulu ndi anthu a maudindo apamwamba okha, ndipo pa thumba la malaya zimangodya malo. Sukulu imakwanira ndi chishango ndi mawu ochepa kunsi kwake.

Vuto lina la nkhwazi n'lakuti yachuluka. Ili pa ndalama yachitsulo ya K1, matimu a mpira monga Blue Eagles ya ku Lilongwe ndi Nkwazi ya ku Lusaka amadziwika nayo, ndipo masukulu ndi makampani ambiri anaitenga kale. Pa mpikisano wa masukulu a m'boma lanu mungapeze mabaji atatu a nkhwazi, ndiye ntchito yodziwitsa ija yalephereka. Ngati makolo aikondabe, ipatseni chinthu chanuchanu. Itere pa nkhafi, kapena igwire chambo, kapena mungotenga mutu wake wokha utapendekera kumbuyo mmene imachitira polira. Kaimidwe kolira kameneko aliyense wa kunyanja amakadziwa, ndipo n'kosowa pa mabaji.

Apa ndichenjeze za cholakwika chimene chafala kwambiri chibwerere makompyuta. Wojambula amalemba liwu lakuti eagle pa intaneti, n'kutenga chithunzi choyamba, ndipo chimene chimabwera ndi chiwombankhanga cha ku America. Mbalame ziwirizi n'zapachibale, koma zimasiyana poyera. Ya ku America kuyera kumathera m'khosi, thupi lonse n'lodera, mlomo wonse ngwachikasu. Nkhwazi yathu kuyera kumatsika kuchokera kumutu mpaka pachifuwa ndi kumsana, mimba ndi mapewa n'zofiirira ngati dothi la katondo, mapiko ngakuda, mchira ngwoyera ndi waufupi, ndipo mlomo ngwachikasu kutsinde koma wakuda kunsonga. Musanavomereze chojambulacho, chionetseni kwa asodzi awiri kapena atatu. Akakayika, bwezani.

Za kadzidzi, aphunzitsi achinyamatawo sakunama. Kwa Agiriki akale kadzidzi anali mbalame ya Athena, mulungu wamkazi wa nzeru, ndipo ankadindidwa pa ndalama za mzinda wa Athens. Kuchokera kumeneko anafika pa mabaji a masukulu ndi malaibulale a ku Ulaya. Koma ngakhale komweko si akadzidzi onse amanena za nzeru. Mzinda wa Leeds uli ndi akadzidzi atatu pa chizindikiro chake chifukwa anali pa chishango cha banja la Savile, la munthu amene anatsogolera khonsolo yoyamba ya mzindawo. Funso lofunika n'lakuti baji yanu adzaiwerenga ndani. Adzaiwerenga agogo amene amati kadzidzi akalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro, ndi makolo amene amamuona ngati mbalame ya afiti. Kadzidzi alibe mlandu, amatithandiza kupha makoswe, ndipo n'koyenera kuti kalabu ya zachilengedwe pasukulupo iphunzitse ana zimenezi. Koma baji si malo ophunzitsirapo anthu kusintha maganizo. Mwana akadwala kapena mayeso akavuta, mudzamva kuti vuto ndi mbalame ili pachipata. Ine sindingakulangizeni kadzidzi pa sukulu ya m'mudzi, ndipo nantchengwa naye ndingamuike m'gulu lomwelo ngakhale ali mmisiri womanga chisa chachikulu, chifukwa ambiri amamuona ngati mbalame ya malodza.

Ganizo la amfumu lili ndi nzeru, poti tambala amalengeza kuti kwacha, ndipo n'chifukwa chake ndalama zathu zinatchedwa kwacha ndi tambala kuyambira 1971. M'matchalitchi ambiri a ku Ulaya tambala amakhala pansonga ya nsanja pokumbutsa kukana kwa Petulo ndi kufunika kokhala maso. Koma m'Malawi tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress, monga mmene tambala wogwira nkhwangwa pa chishango cha Kenya anachokera ku chipani cha KANU. Sukulu imaphunzitsa ana a makolo a zipani zonse, ndipo maboma amasinthana. Ngakhale mutamupaka utoto wofiira kapena woyera, anthu adzawerengabe ndale. Muwafotokozere amfumu mwaulemu, pambali, msonkhano usanayambe, ndipo muwapemphe kuti atchule mbalame ina imene makolo a m'deralo ankaidziwa. Akakhala mwini wa ganizo latsopanolo, baji idzalandiridwa m'midzi yawo.

Mbalame zina zoti komiti iganizire zilipo. Kakowa ndi woyera mbee, khosi lake lopindika limadziwika patali, ndipo amaoneka bwino pa buluu kapena pa chobiriwira. Namzeze ali ndi mchira wamphanda wosasokonezeka ndi mbalame ina, ndipo amamanga nyumba yake ndi matope pang'onopang'ono, chimene chikugwirizana ndi sukulu yomangidwa ndi njerwa za makolo. Nkhanga imabwera ndi mwambi wake womwe, wakuti nkhanga zinapangana kusanapse, mawu oyenera ana okonzekera mayeso. Nkhunda yoluma kanthambi njabwino ku sukulu ya mpingo, koma nayonso yachuluka. Timbalame tating'ono todera, ngakhale titakhala tosowa bwanji, sitichita bwino pa chishango, chifukwa tikadetsedwa n'kukhala mthunzi chabe tonse timafanana. Yesani choncho mbalame iliyonse: ipakeni yakuda bii pa pepala loyera, mufunse mwana wa Fomu 1 kuti ndi chiyani.

Mukasankha mbalame, sankhani kaimidwe kake, ndipo kalembedwe m'mawu. Pa mwambo wa zishango chimene chili chenicheni ndi mawu ofotokoza, osati chojambula. Wojambula wina aliyense angajambule mwa luso lake bola atsate mawuwo. Kaimidwe kotchuka n'kotambasula: mbalame yayang'anitsa chifuwa kwa woonera, mapiko ndi miyendo zatambasukira mbali zonse, mutu watembenukira kumbali, ngati chiwombankhanga cha Germany. Kamadzaza chishango bwino kuposa kena kalikonse, koma kamayenera mbalame zolusa. Kakowa wotambasulidwa choncho amaoneka ngati wapachikidwa. Kachiwiri n'konyamuka, mbalame yaima chammbali mapiko ali m'mwamba, monga nkhwazi ya dziko. Kachitatu n'kouluka, miyendo yosaoneka, koyenera namzeze. Kachinayi n'kotera, mapiko atapindidwa, koyenera nkhanga ndi kakowa. Palinso kocheukira kumbuyo. Mlomo, miyendo ndi zikhadabo mungazipatse mtundu wosiyana ndi thupi, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mbalame ioneke yamoyo popanda kuchulutsa mizere.

Mbalame iyang'ane kuti? Kumanja kwa chishango, ndipo kumanja kumeneku n'kwa munthu wonyamula chishangocho, ndiye kuti kwa inu woonera ndi kumanzere. Chifukwa chake n'chakuti msilikali ankanyamula chishango kudzanja lamanzere, choncho nyama yoyang'ana kumanja kwake inkakhala ikupita kutsogolo, kwa adani. Yoyang'ana kwina inkaoneka ngati ikuthawa. Pa mbendera iyang'ane kumtengo. Pa chitseko cha galimoto ya sukulu, ngati mudzakhale nayo, iyang'ane kutsogolo kwa galimotoyo mbali zonse ziwiri.

Lamulo la mitundu ndi limene limaphwanyidwa kwambiri, chikhalirecho ndi losavuta. Mitundu inagawidwa pawiri. Yowala ndi iwiri, golide ndi siliva, imene pojambula imakhala chikasu ndi choyera. Yakuya ndi isanu: chofiira, buluu, chobiriwira, chakuda ndi pepo. Wowala usakhale pa wowala mnzake, wakuya usakhale pa wakuya mnzake. Kakowa woyera pa chikasu amasowa. Namzeze wakuda pa buluu amasanduka banga. Namzeze wakuda yemweyo pa chikasu amaonekera kutsidya la bwalo la mpira. Mbalame yojambulidwa ndi mitundu yake yachilengedwe imaloledwa kukhala pa mtundu uliwonse, koma diso sililola. Nkhwazi njovuta pamenepa chifukwa ili ndi kuyera ndi kuda komwe: pa choyera mutu umasowa, pa chakuda kapena buluu wakuya mapiko amasowa. Njira zilipo ziwiri. Mungaiike pa chikasu, n'kuzunguliza mutu ndi mzere wakuda wochindikala, kapena mungaipake yonse mtundu umodzi monga anachitira a ku Zambia, amene nkhwazi yawo njagolide. Yachiwiriyi njotsika mtengo posoka, ndipo imatuluka bwino pa chidindo.

Mitundu isapitirire itatu, kapena inayi mukavutika. Zinthu za pa chishango zisapitirire ziwiri: mbalame ndi chinthu chimodzi choiperekeza. M'komiti aliyense adzafuna kuwonjezerapo chake, wina buku, wina cholembera, wina muuni, wina chimanga, wina mtanda. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Buku lotsegula lili pa mabaji a masukulu osawerengeka, ndipo silinena chilichonse chokhudza inuyo. Mbalame ikule mpaka nsonga za mapiko zitatsala pang'ono kukhudza m'mphepete mwa chishango. Kambalame kakang'ono pakati pa bwalo lalikulu ndi chizindikiro cha wojambula wamantha. Dzina la sukulu lisalembedwe m'kati mwa chishango. Likhale pa kansalu kamwamba kapena kunsi, ndipo mawu a chilimbikitso asapitirire atatu kapena anayi. Akhoza kukhala a Chichewa, palibe lamulo lofuna Chilatini kapena Chingerezi.

Pofika kwa osoka, kumbukirani kuti ulusi si pensulo. Baji ya pathumba imakhala masentimita 7 kapena 8 m'litali. Pa kukula kumeneko, zilembo zochepera mamilimita 5 zimatsekeka mkati, makamaka a, e ndi o, ndipo mzere wochepera milimita imodzi umamira mu nsalu. Nthenga zikuluzikulu zikhale zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri pa phiko lililonse, zotalikirana moti mpata uoneke. Wojambula akaika nthenga makumi atatu, makina amabaya malo amodzi kambirimbiri, baji imauma ngati chikopa ndipo nsalu imakwinyika m'mbali ikachapidwa. Mawanga a nkhanga akhale akuluakulu, khumi ndi asanu kapena makumi awiri basi. Mitundu yosungunukirana, yochoka ku buluu wakuya kupita ku wowala, ikaneni. Makina osokera ndi chidindo sizingathe kuitulutsa. Pemphani baji imodzi yoyesera, muichape kasanu ndi sopo amene ana amachapira, muiyanike padzuwa, kenako muitanitse zambiri.

Chidindo chozungulira nthawi zambiri chimakhala mamilimita 38 mpaka 42, ndipo chili ndi inki ya mtundu umodzi. Konzani chojambula chachiwiri cha mizere yokha, chopanda utoto. Pali njira yakale yosonyezera mitundu popanda utoto, imene inafala kuchokera m'zaka za m'ma 1600: timadontho ndi golide, posalemba kanthu ndi siliva, mizere yoimirira ndi chofiira, yogona ndi buluu, yopingasana ndi chakuda, yopendekera kuchokera pamwamba kumanzere kwa woonera kutsikira kumanja ndi chobiriwira. Njabwino pa satifiketi, koma pa chidindo chaching'ono timizereto timadzaza inki n'kupanga matope, choncho kumeneko siyani mbalame yoyera pa malo akuda kapena yakuda pa malo oyera. Pachipata gwiritsani ntchito penti wamafuta, ndipo dziwani kuti chofiira ndicho chimayamba kusuluka ndi dzuwa la kunyanja.

Wojambula akupatseni fayilo yokula popanda kusweka, ya mtundu wa SVG, PDF kapena CorelDRAW, osati chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp, chifukwa chimenecho chikakuzidwa pa chikwangwani chimaphwanyika. Wosoka akasandutsa chojambulacho kukhala fayilo ya makina ake, pemphaninso kope lake, kuti mukadzasintha wosoka musadzalipirenso. Mulembe kalata yaifupi yosainirana yonena kuti wojambula wapereka umwini wa chithunzicho ku sukulu. Popanda kalatayo umwini ukhoza kukhalabe wake. Mawu ofotokoza baji alowe m'buku la zokambirana za komiti, mwachitsanzo: "Pa chishango chabuluu, kakowa woyera wotera, mlomo ndi miyendo zachikasu, ataima pa nkhafi yachikasu yogona." Chiganizo chimodzi chotero chidzateteza baji yanu kwa zaka zambiri, ngakhale kompyuta itawonongeka.

Pali nthawi zoyenera kufunsa ena musanawononge ndalama. Ngati sukulu yanu ndi ya boma, tumizani chojambulacho ku ofesi ya maphunziro imene imakuyang'anirani, ndipo ngati ndi ya mpingo, kwa eni sukuluyo, chifukwa mipingo ina imafuna chizindikiro chawo chionekepo. Ngati komiti yaumirira kusanja kofanana ndi chizindikiro cha dziko kapena mitundu ya mbendera, funsani loya awerenge lamulo ndatchula lija ndi kukuuzani ngati pakufunika chilolezo cholembedwa. Ngati mukuopa kuti ogulitsa mayunifolomu kapena sukulu ina adzakubera baji, pitani ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Amene akufuna chishango cholembetsedwa mwa mwambo wonse wakale amapita ku College of Arms ku London, imene inakhazikitsidwa mu 1484, kapena ku Bureau of Heraldry ku Pretoria, imene inayamba mu 1963, koma mtengo wake ngwaukulu ndipo sukulu yoyendera sikufunika kufika kumeneko.

Pa msonkhano wotsatira musapite ndi mayina a mbalame, pitani ndi zojambula zitatu, chilichonse chosindikizidwa kawiri: chachikulu pa pepala lathunthu ndi chaching'ono cha masentimita awiri. Zazikuluzo zipachikeni pa khoma, anthu aime mamita khumi kuchokera pamenepo. Zazing'onozo zipangeni fotokope yakuda ndi yoyera. Itanani amfumu, amayi a m'gulu loyang'anira atsikana, asodzi ndi ophunzira angapo, ndipo aliyense anene mbalame imene akuona ndi chimene chabwera m'mutu mwake asanamve maganizo a mnzake.